Phunziro la Makomiti a m'Madoko: Mbiri ya Nyanja Yathu Yosungidwa m'Matope

Mawu oyamba

Pa misonkhano ya m'madoko, nkhani yotseka nyanja kapena yoletsa zida zina ikayamba, sipalephera kupezeka wina wonena kuti nyanja ndi yaikulu, siingaume, ndipo nsomba sizingathe. Maganizo amenewa ndi omveka, chifukwa tonse tinabadwa nyanja ilipo ndipo makolo athu anaipezanso. Koma moyo wa munthu ndi waufupi poyerekeza ndi moyo wa nyanja. Kuti tidziwe khalidwe lenileni la nyanja ya Malawi tiyenera kufunsa mboni imene inalipo kalekale, midzi yathuyi isanakhazikitsidwe.

Mboni imeneyi ilipo. Ndi tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi totchedwa madayatomu, timene zigoba zake zakhala zikuunjikana pansi pa nyanja kwa zaka zosawerengeka. M'phunziro lino tiona kuti madayatomu n'chiyani, mmene akatswiri a zachilengedwe amawagwiritsira ntchito podziwa nyengo zakale, zimene anapeza m'nyanja yathu, komanso zimene makomiti angatolepo pa ntchito yosamalira nsomba. Tikupempha apampando kuti phunziroli liwerengedwe pagulu, pali mafumu, eni zida, alovi ndi amayi ogula ndi kuyanika nsomba.

Kodi madayatomu n'chiyani?

Tonse timadziwa ndere zimene zimamera pa miyala ndi pa mabwato okhalitsa m'madzi. Madayatomu ndi a m'gulu la ndere, koma ndi aang'ono kwambiri. Ambiri safika ngakhale pa kunenepa kwa tsitsi limodzi, choncho sitingawaone popanda makina oonera tinthu ting'onoting'ono otchedwa maikulosikopu. Mukatunga madzi a m'nyanja m'chikho n'kuwaona ngati oyera, dziwani kuti muli madayatomu ambirimbiri.

Monga zomera zonse, madayatomu amapanga chakudya chawo pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndi michere yosungunuka m'madzi. Ena amayandama pakati pa nyanja, ena amamatirira pa miyala, pa mchenga ndi pa bango. Chowasiyanitsa ndi ndere zina ndi chakuti dayatomu aliyense amakhala m'kachigoba kolimba kopangidwa ndi silika, chinthu chomwe chija chimapezeka mu mchenga ndipo amapangira galasi. Kachigobaka kali ndi mbali ziwiri zovundikirana ngati kabokosi ndi chivundikiro chake. Mtundu uliwonse uli ndi kachigoba ka maonekedwe akeake: ena ozungulira ngati lichero, ena osongoka ngati bwato, ena olumikizana ngati mikanda.

Msodzi ali ndi chifukwa chabwino chowadziwira. Madayatomu ndi mbali yaikulu ya chakudya cha chambo. Mbuna zambiri zimapala ndere pa miyala, ndipo mu nderezo muli madayatomu. Tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi timadya ndere zoyandama, ndipo tizilomboto ndi chakudya cha usipa, utaka ndi mphutsi za nkhungu. Usipa ndi utaka nawonso amadyedwa ndi mcheni ndi kampango. Tingati madayatomu ndi munda wa nyanja. Munda ukakanika, nkhokwe zonse zimamva.

Mwera ndi munda wa nyanja

Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 pamalo ozama kwambiri. Madzi ake ali ngati ogawanika: a pamwamba ndi ofunda ndi opepuka, a pansi ndi ozizirirapo ndi olemera. Ziwirizi sizisakanikirana mosavuta. Kupitirira mamita pafupifupi 200 kapena 250 kunka pansi mulibe mpweya wa okosijeni, motero simukhala nsomba. Komabe michere yambiri imene ndere zimafuna ili m'madzi a pansiwo, chifukwa zinthu zonse zakufa zimamira n'kukaolera kumeneko.

Apa ndi pamene mwera umagwira ntchito yake. Kuyambira cha m'mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala, mwera umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kumwera kwa nyanja, madera a Mangochi ndi Salima, madzi ozizira okhala ndi michere amakwera kuchokera pansi kudzalowa m'malo mwake. Madayatomu akapeza micherezi pamodzi ndi dzuwa amaswana mofulumira kwambiri. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene kumwera kwa nyanja, komwe kulinso kosazama kwambiri, kumakhalira ndi nsomba zambiri. Mphepo imene imatitsekera kumtunda masiku angapo osapita pamadzi ndi yomweyo imene imathira manyowa m'munda wa nyanja.

Mmene matope amasungira mbiri

Dayatomu akafa, zam'kati mwake zimaola koma kachigoba kake kagalasi kamatsala n'kumira mpaka pansi. Chaka ndi chaka tizigoba timeneti timaunjikana pamodzi ndi dothi lobwera ndi mitsinje, mungu wa mitengo ndi udzu, makala a moto wa m'tchire ndi timafupa ta nsomba. Kumalo akuya komwe kulibe mpweya kulibenso nsomba kapena nyongolotsi zofukula matope, choncho zonse zimakhala mmene zinagwera. Zatsopano zimakhala pamwamba, zakale pansi.

Kumpoto kwa nyanja akatswiri anapeza matope okhala ndi timizere tosinthanasinthana, toyera ndi takuda. Kamzere koyera kali ndi zigoba zambiri za madayatomu a m'nyengo ya mphepo, pomwe kakuda kali ndi dothi lobwera ndi mitsinje m'dzinja. Timizere tiwiri totere timaimira chaka chimodzi, monga mmene timawerengera zaka za mtengo poona mizere ya pa chitsa.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti mtundu uliwonse wa dayatomu uli ndi madzi amene umakonda. Msodzi wodziwa ntchito yake akaona nsomba pa thandala amatha kunena kumene zaphedwa: izi n'za ku miyala, izi n'za pa mchenga, izi n'za madzi akuya, izi n'za ku Chilwa. Katswiri wa madayatomu amachita chimodzimodzi. Mitundu ina imakhala m'madzi opanda mchere okhaokha, ina imapirira madzi a mchere. Ina, monga yotchedwa Aulacoseira, ili ndi zigoba zolemera ndipo imafuna madzi otakasika ndi mphepo kuti isamire. Ina imachuluka madzi akadzala michere. Choncho zigoba zopezeka m'matope a nthawi inayake zimatiuza mmene madzi analili pa nthawiyo, ndipo madziwo amatiuza za mvula, mphepo ndi kutentha.

Kuboola pansi pa nyanja mu 2005

Kwa zaka zambiri akatswiri ankatenga matope a mamita ochepa chabe pogwetsera mapaipi pansi pa nyanja. Mwa njira imeneyi Françoise Gasse wa ku France, Philip Barker wa ku Britain ndi Thomas Johnson wa ku America anafufuza madayatomu a kumpoto kwa nyanja a zaka pafupifupi 25,000 zapitazo.

M'chaka cha 2005 kunachitika ntchito yaikulu kuposa zonse. Gulu la akatswiri, pakati pawo Christopher Scholz, Andrew Cohen ndi Thomas Johnson, linamanga makina oboolera pansi pa chombo chonyamula katundu cha Viphya. Anaboola malo awiri. Oyamba anali pakati pa nyanja, chakumpoto kwa Nkhata Bay, pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 590. Achiwiri anali kumpoto kwenikweni kwa nyanja. Popeza nangula sakanathandiza pa madzi akuya chotero, chombocho chinkaimitsidwa malo amodzi ndi mainjini olimbana ndi mphepo ndi mafunde usana ndi usiku.

Pamalo oyamba aja mapaipi analowa m'matope mamita pafupifupi 380, ndipo anatulutsa matope osunga mbiri ya zaka pafupifupi 1,300,000. Tikagawa, mita imodzi ya matope ikuimira zaka zoposa 3,000. Pofuna kudziwa msinkhu wa matopewo akatswiri anagwiritsa ntchito njira zingapo zoyezera. Anapezanso m'matopemo timibulu ta phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, phulusa lake n'kuuluka ndi mphepo kudzagwera m'nyanja yathu. Phulusali ndi chizindikiro chothandiza kutsimikizira zaka za matope a pamenepo.

Ntchito ya katswiri wa madayatomu

Mmodzi mwa amene anawerenga madayatomu a m'matope amenewa ndi Dr Jeffery Stone, katswiri wa zachilengedwe wa ku America. Iye pamodzi ndi Karlyn Westover ndi Andrew Cohen anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo mu 2011. Anaunika matope a zaka zapakati pa 10,000 ndi 144,000 zapitazo.

Ntchito yotere imafuna kuleza mtima. Katswiri amatapa matope ochepa kwambiri, osadzaza n'komwe kasupuni, n'kuwatsuka ndi mankhwala ochotsa zoola kuti patsale zigoba zokha. Kenako amadontheza pa kagalasi, n'kuika pa maikulosikopu yokulitsa zinthu kokwana 1,000. Amazindikira chigoba chilichonse mtundu wake ndi kuwerenga mazana angapo pa kagalasi kamodzi. Akatha amatapa matope ena a m'munsi pang'ono n'kuyambiranso. Ntchitoyi imafanana ndi ya alembi a pa doko amene amalemba mitundu ndi kuchuluka kwa nsomba mwezi ndi mwezi. Tsamba limodzi silinena zambiri, koma masamba ambiri akaikidwa pamodzi mbiri imaoneka.

Zimene anapeza

Choyamba, nyanja ya Malawi yakhala ikuphwa ndi kudzala mobwerezabwereza. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, chilichonse chotenga zaka masauzande. Pa nthawi zoipitsitsa madzi anatsika ndi mamita pafupifupi 600, ndipo pa madzi onse amene tikuwaona lero panatsala magawo asanu okha pa 100 alionse. Malo onse amene lero ndi nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anali mtunda wouma. Munthu akanatha kuyenda pansi kuchoka ku Senga Bay kukafika ku Makanjira osaponda madzi.

Kodi madayatomu anasonyeza bwanji zimenezi? M'matope a zaka zoposa 85,000 zapitazo Dr Stone ndi anzake anapeza mitundu yopirira madzi a mchere, imene lero siipezeka m'nyanja ya Malawi. Nyanja ikaphwa mpaka kuleka kutulutsa madzi, dzuwa limauma madzi koma mchere umatsala, monga zimachitikira ku Chilwa. Anapezanso kuti pakati penipeni pa nyanja, pomwe lero ndi pakuya koopsa, kunkakhala mitundu imene masiku ano imapezeka m'madzi osazama a kumwera, otakasika ndi mphepo mpaka pansi. Mungu wa zomera wopezeka m'matope omwewo unachitiranso umboni kuti mitengo inachepa kwambiri ndipo dziko lozungulira linatsala pang'ono kusanduka chipululu.

Chachiwiri, kuyambira zaka pafupifupi 70,000 zapitazo mvula inachuluka ndipo nyanja inadzala, ngakhale inkatsikabe nthawi zina. Kafukufuku wina wa matope onse aja, wofalitsidwa mu 2015, anawerenga maulendo 24 amene madzi anatsika kuposa mamita 200 m'zaka 1,300,000.

Chachitatu, nsomba zinapulumuka m'madzi amene anatsalawo, ndipo nyanja itadzalanso zinafalikira ku magombe ndi miyala yatsopano. Lero nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Koma tisaiwale kuti kubwerera kumeneku kunatenga zaka masauzande ambiri. Nyanja ili ndi nthawi yodikira. Banja la msodzi lilibe.

Zilala zakalezo sizinayambitsidwe ndi anthu. Zinabwera chifukwa cha kusintha kwa pang'onopang'ono kwa kayendedwe ka dziko lapansi pozungulira dzuwa, kumene kumasuntha mvula pa zaka masauzande ambiri. Sitikunena kuti nyanja iuma mawa. Phunziro lake ndi lakuti nyanja imamvera mvula kwambiri. Madzi ambiri amene nyanja imataya chaka chilichonse amauma ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo otuluka kudzera mu Shire ndi gawo lochepa. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatizana, madzi amatsika msanga.

Zimene agogo athu anaona

Kusinthaku kwaonekanso m'nthawi ya makolo athu. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi anatsika moti nyanja inaleka kuthira mu mtsinje wa Shire, ndipo mbali yaikulu ya nyanja ya Malombe inasanduka minda. Cha mu 1980 madzi anakwera kwambiri n'kumiza malo ambiri a m'mbali mwa nyanja. Mu 1997 anatsika mpaka kudetsa nkhawa opanga magetsi pa Shire. Mu 2024 anakweranso n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosazama, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Akuluakulu sananame ponena kuti madzi saiwala khwawa.

Matope a pamwamba akunena za ife

Matope a pamwamba penipeni ndi a zaka zathu zino, ndipo nkhani yake ikukhudza zochita zathu. Kafukufuku wa Megan Otu ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011, anaunika matope a zaka 200 zapitazi. Anapeza kuti kumwera kwa nyanja dothi ndi michere yolowa m'madzi zinawonjezereka m'zaka za m'ma 1900, ndipo mitundu ya madayatomu inasintha, kukachuluka ija yokonda madzi odzala michere. Kumeneku ndi kumene mitsinje monga Linthipe imathira madzi ochokera m'madera amene mitengo inatha ndipo minda inafika m'mphepete mwa mitsinje.

Wina angafunse kuti, ngati michere ndi manyowa a nyanja, vuto lili pati? Yankho n'lakuti michere ya mtsinje imabwera ndi matope. Madzi ofiira amatchinga kuwala kumene ndere za pansi zimafuna. Matope amakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndi mchenga umene chambo chimakumbapo zisa. Komanso michere ikapyola muyeso imatha kuchulukitsa ndere zina zimene nsomba sizipindula nazo.

Nkhani ina ndi kutentha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 anasonyeza kuti madzi akuya a nyanja ya Malawi anafunda ndi madigiri pafupifupi 0.7 m'zaka 60. Ku nyanja ya Tanganyika, yofanana ndi yathu pa kuzama ndi kugawanika kwa madzi, Andrew Cohen ndi anzake anaunika matope a zaka 1,500 ndipo mu 2016 anafalitsa zoti madzi a pamwamba akamafunda, ndere zimachepa ndipo nsomba nazo zimachepa. Chifukwa chake n'chakuti madzi ofunda kwambiri amakana kusakanikirana ndi a pansi, motero michere siikwera. Chenjezo limeneli ndi lathunso.

Tanthauzo lake ku makomiti

Mvula, mwera ndi kutentha sitingazilamulire pa msonkhano wa komiti. Koma nsomba zimene nyengo yazifooketsa kale sizingapirire kupha kosasamala. Tinaziona ku Malombe, kumene chambo chinatsika kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka boma ndi asodzi anayamba kuyendetsera limodzi ntchito yosamalira nsomba mu 1993. Choncho tikupempha makomiti kuganizira mfundo izi:

1. Lemekezani nthawi yotseka nyanja chaka chilichonse. Chaka cha nsomba zambiri si chilolezo chophwanya malamulo. Nsomba zoswana zimene tazisiya m'chaka chabwino ndi mbewu ya chaka choipa. Anthu a ku chilumba cha Mbenji ku Salima, motsogozedwa ndi mfumu yawo Makanjira, atisonyeza kwa zaka zambiri kuti kutseka nyanja n'kotheka mudzi ukagwirizana.

2. Thetsani zida za maso aang'ono ndi zokokera pansi. Neti za udzudzu zimapha kasawala ndi bonya zisanakule. Makoka okwekwesa pansi amazula zomera za m'madzi, amafafaniza zisa ndi kuvundula matope.

3. Tetezani bango ndi madambo a m'mbali mwa nyanja. Amasefa dothi lisanalowe m'nyanja, ndipo madzi akakwera ndi mmene ana a nsomba amabisala ndi kudya.

4. Gwirizanani ndi anzathu a kumtunda. Komiti ya pa doko ikumane ndi komiti yoona zachilengedwe m'mudzi, mafumu ndi alangizi a zaulimi ndi zankhalango pa nkhani yodzala mitengo ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Ifenso tichepetse nkhuni zowambira nsomba pogwiritsa ntchito mauvuni osatha nkhuni.

5. Musamange kapena kugawa malo pomwe nyanja yaphwa. Funsani akuluakulu kumene madzi anafika mu 1980, ndipo ikani chizindikiro pamene anafika mu 2024.

6. Sungani kaundula wa pa doko. Mlembi alembe mwezi umene mwera wayamba ndi kutha, masiku amene madzi afiira, pamene madzi afika pa mwala kapena mtengo wodziwika, ndi mitundu ya nsomba zimene zikuphedwa. Zolembazi zidzathandiza komiti pokambirana ndi alangizi a zausodzi.

7. Limbikitsani mabanja kukhala ndi podalira pena. Ulimi wa m'dimba, ziweto ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama amathandiza banja kupyola nyengo yotseka nyanja kapena chaka cha nsomba zochepa.

Matope amene akugwa pansi pa nyanja chaka chino adzasunga mbiri ya mmene ife tinasamalira mitsinje, magombe ndi nsomba. Udindo umenewu uli m'manja mwa boma ndi asodzi pamodzi.

Mafunso okambirana pa msonkhano

1. Kodi madayatomu amafika bwanji m'mbale mwathu? Tchulani njira yake kudzera mu chambo ndi mu usipa.
2. Kodi akuluakulu a pa doko lanu akukumbukira zaka ziti zimene madzi anakwera kapena kutsika kwambiri? Usodzi unayenda bwanji zaka zimenezo?
3. Ndi mitsinje iti imene imabweretsa madzi ofiira pafupi ndi doko lanu? Komiti ingakambirane ndi yani za vutoli?
4. Mwa mfundo 7 zili pamwambazi, ndi ziti ziwiri zimene komiti yanu iyambe nazo chaka chino, ndipo adzatsogolera ndani?

Mukakambirana, mlembi alembe zimene mwagwirizana ndi kupereka kwa mlangizi wa zausodzi wa dera lanu.